Choyezera madzi a mu thanki cha Raspberry Pi: kachipangidwe kake, ndi mmene mungachitetezere magetsi akamathimathima

Pakhoma la kukhitchini kwathu ku Matawale pali tinyali titatu. Kobiriwira kakayaka ndiye kuti thanki ili ndi madzi okwanira, kachikasu kakayaka mayi a kunyumba amayamba kuchapa mosamala, kofiira kakayaka aliyense amadziwa kuti asambira m'kachidebe. Chiikireni tinyaliti, ana a ku Chanco amene amachita lendi kuseri kwathu akhala akufunsa kapangidwe kake, ndipo ndakhala ndikuwafotokozera. Koma pakatha sabata ziwiri amabweranso ndi mawu amodzimodzi: "Achimwene, kanagwira ntchito masiku atatu okha, pano sikakudzuka." Ndatopa nako kubwereza, ndiye ndalemba pano kamodzi.

Kulumikiza mawaya ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chimene chimapha tizipangizoti kuno ndi magetsi, ndipo malangizo ambiri a pa intaneti sanenapo kanthu chifukwa olemba ake amakhala kumene soketi siigona. Choncho sitepe 7 ndi 8 musazilumphe, ngakhale mutalumpha zina.

1. Sankhani ka Pi koyenera ntchitoyi

Raspberry Pi ndi kompyuta yathunthu yokhala pa kabolodi kamodzi kokwana m'chikhatho. Koyamba kanatuluka mu 2012 ku Cambridge, ku UK, pa mtengo wa madola 35, cholinga chake chili choti ana asukulu aphunzirirepo. Lero tilipo tambiri: Pi 3 ya mu 2016, Pi 4 ya mu 2019, Pi 5 ya mu 2023, ndi kakang'ono kwambiri kotchedwa Zero 2 W ka mu 2021.

Aliyense amafuna Pi 5 chifukwa ndi yatsopano. Pa thanki, imeneyo ndi lole yonyamulira thumba limodzi la makala. Imafuna chaja ya 5V yotulutsa mpaka 5A, ndipo batire imalimaliza msanga. Zero 2 W ndiye koyenera: kali ndi Wi-Fi, ndipo kakangokhala phee sikadya mphamvu yopitirira 1W kwenikweni, pamene Pi 4 imadya pafupifupi 3W. Ngati muli kale ndi Pi 3 m'kabati, gwiritsani ntchito yomweyo. Pogula Zero, onetsetsani kuti mapini ake 40 ndi owotcherera kale, apo ayi mudzafunika kupita nako kwa okonza mafoni.

Kunena zoona, ntchito yoyatsa tinyali yokha angathe kuigwira Pico, kabolodi ka madola 4 kamene kanatuluka mu 2021, ndipo iko sikaopa kuthima kwa magetsi chifukwa kalibe memori yolowetsa. Koma amene amandifunsa amakhala atagwira kale Pi m'manja ndipo amafuna kuphunzira Linux, ndiye tiyeni nayo.

2. Sonkhanitsani zotsalazo

Mufunika memori ya microSD ya 16GB kapena 32GB, sensa yoyezera mtunda, ma LED atatu (ndiwo tinyali tija), ma resistor, timawaya tolumikizira mapini, batire la 12V, buck converter (kabolodi kotsitsa 12V kufika pa 5V), fyuzi ya 2A, ndi multimeter yoyezera magetsi. Multimeter musabwereke, gulani yanu.

Sensa imene imapezeka m'mapaketi a ophunzira ndi HC-SR04, ija ya maso awiri. Ndi yabwino poyeserera pa tebulo, koma mu thanki mumakhala chinyontho ndipo imachita dzimbiri. Funani JSN-SR04T. Iyo ili ndi kamutu kosalowa madzi pa chingwe cha mamita pafupifupi awiri ndi theka, ndipo mapini ake ndi ofanana ndi a HC-SR04.

Pi ndi sensa ambiri timaitanitsa kudzera kwa abale obwera kuchokera ku Joni kapena pa intaneti. Ma resistor okha musavutike kuitanitsa. Okonza mawailesi ndi ma TV mumsika ali ndi mabolodi akale milu milu. Pemphani atatu a 1k, mizere yake ndi bulauni, wakuda, wofiira, ndi atatu a 330, mizere yake ndi olenji, olenji, bulauni. Mukafika kunyumba ayezeni ndi multimeter, chifukwa utoto wa resistor wakale umanamiza maso.

3. Konzani memori

Musanalembepo chilichonse, iyezeni kaye. Ine ndinagulapo memori yolembedwa 32GB pa benchi ina m'tauni muno, mkati mwake munali malo osakwana 8GB. Memori yotere imalandira mafayilo bwinobwino, kenako imayamba kufufuta akale mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux, imadzaza memori yonse n'kuiwerenganso. Ikapeza cholakwika, bwezani kumene munagula.

Kenako ikani Raspberry Pi Imager pa laputopu, musankhe Raspberry Pi OS Lite. Lite ilibe zithunzi za pa sikirini, imadya bandulo ya pafupifupi theka la GB basi, ndipo sikirini sitikuifuna n'komwe. Imager isanayambe kulemba imakupatsani mpata woika zofunika. Ikani dzina la kachipangizo, tinene thanki. Ikani dzina lanu ndi pasiwedi, pakuti kuyambira mu 2022 dzina lakale lija la pi silibweranso lokha, ndiye malangizo akale amene amati lowani ndi pi akutayitsani nthawi. Ikani dzina ndi pasiwedi ya Wi-Fi, dziko MW, nthawi Africa/Blantyre, ndipo tsegulani SSH, njira yolamulira ka Pi muli pa laputopu.

Ngati Wi-Fi yanu ndi hotspot ya pa foni, iikeni pa 2.4GHz. Zero 2 W ndi Pi 3 Model B siziona 5GHz, ndipo anthu agonapo usiku akuganiza kuti kachipangizo ndi kakufa.

Lowetsani memori, yatsani, dikirani mphindi zingapo, ndiye pa laputopu lembani:

ssh dzinalanu@thanki.local

Ikakana, yang'anani pa foni mndandanda wa zimene zalumikizidwa ku hotspot, mutenge nambala ya IP, muiike m'malo mwa thanki.local.

4. Lumikizani sensa, ka Pi katathimitsidwa

Mapini ali ndi manambala amitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pali nambala ya malo, kuwerenga 1 mpaka 40, ndiye pali nambala ya GPIO imene pulogalamu imagwiritsa ntchito. Sizofanana. Mukalemba pinout mu SSH, ka Pi kamakujambulirani mapini onse.

Waya wa 5V wa sensa upite pa pini 2. GND, imene ndi negetivi, ipite pa pini 6. Trig ipite pa pini 16, imene ndi GPIO23. Echo ipite pa pini 18, imene ndi GPIO24, koma osati molunjika.

Chifukwa chake n'chakuti sensa imayankha ndi 5V pamene mapini a Pi amapirira 3.3V yokha. Mukalumikiza molunjika mwina zigwira ntchito lero ndi mawa, koma mukuiotcha pini pang'onopang'ono. Chitani chonchi: kuchokera pa Echo ikani resistor mmodzi wa 1k. Kumapeto kwake ndi kumene kuchoke waya wopita pa pini 18. Kuchokera pamfundo yomweyo lumikizani ma 1k awiri otsalawo motsatizana mpaka ku GND. Mphamvu ija yagawika patatu, pini ikulandira magawo awiri, amene ndi 3.3V.

Ma LED apite pa pini 11, 13 ndi 15, amene ndi GPIO17, GPIO27 ndi GPIO22, lililonse ndi resistor wake wa 330. Mwendo wautali wa LED uyang'ane ku pini, waufupi ku GND.

5. Lembani pulogalamu

Yambani ndi sudo apt install python3-gpiozero. Musalimbane ndi pip, Raspberry Pi OS ya kuyambira mu 2023 imaikana mukafuna kuika zinthu mwachisawawa. Ndiye tsegulani fayilo ndi nano thanki.py mulembe izi:

from gpiozero import DistanceSensor, LED
from time import sleep

sensa = DistanceSensor(echo=24, trigger=23, max_distance=3)
wobiriwira, wachikasu, wofiira = LED(17), LED(27), LED(22)
YODZAZA = 30
YOUMA = 190

while True:
    mtunda = sensa.distance * 100
    gawo = (YOUMA - mtunda) / (YOUMA - YODZAZA)
    wobiriwira.value = gawo > 0.6
    wachikasu.value = 0.25 < gawo <= 0.6
    wofiira.value = gawo <= 0.25
    print(round(mtunda))
    sleep(5)

Pa max_distance=3 pajapo musapasiye. Mukapanda kulemba, gpiozero imaima pa mita imodzi, ndipo madzi akatsika kupitirira pamenepo muzingoona 100, 100, 100 mpaka thanki kuuma. Yendetsani pulogalamu polemba python3 thanki.py, lozetsani sensa kukhoma, muyeze ndi tepi ya amisiri, muone ngati zikugwirizana. Zikatheka, lembani crontab -e muonjezere mzere uwu kuti pulogalamu izidzuka yokha:

@reboot python3 /home/dzinalanu/thanki.py

6. Ikani sensa pa thanki

Sensa imatumiza kaphokoso kosamveka ndi khutu la munthu, n'kuwerenga nthawi imene kamatenga kuti kagunde madzi ndi kubwerera. Ndiye chilichonse chimene chili panjira chimaoneka ngati madzi: paipi yolowetsa madzi, mpira wa valavu, khoma la thanki, ngakhale ukonde wa kangaude. Boolani chivundikiro chapakati, kutali ndi zonsezi, kamutu kaloze pansi molunjika. Dziwaninso kuti JSN-SR04T siiona chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 20 mpaka 25, choncho madzi akadzaza pazitsala mpata woposa pamenepo. Ngati thanki yanu imadzaza mpaka pakamwa, kwezani sensa ndi kachidutswa ka paipi yaikulu ya PVC.

Manambala 30 ndi 190 aja ndi a thanki yanga. Inu lembani zimene sensa ikuonetsa tsiku limene thanki yadzaza, ndi zimene ikuonetsa madzi akafika pa paipi yotulutsira, muziike m'malo mwake.

Ofuna malita, zungulizani chingwe pamimba pa thanki, muyeze, mugawe ndi 3.14. Chingwe chikakhala mamita 5.65 ndiye kuti thanki ndi yotambalala mamita 1.8, ndipo sentimita iliyonse ya madzi ndi malita pafupifupi 25, kuposa chigubu chimodzi cha malita 20.

Musadabwe mu Okutobala mukaona madzi akuchuluka masana popanda mpopi kutuluka. Phokoso limayenda mamita 343 pa sekondi mpweya ukakhala pa madigiri 20, ndipo nambala imeneyi ndi imene gpiozero imagwiritsa ntchito. Mpweya wa mu thanki yakuda ukafika pa 40, phokoso limathamanga pafupifupi 355. Pa mtunda wa mita ndi theka kusiyanako ndi masentimita 5, kapena kuti malita oposa 120 amene kulibe. Kwa tinyali titatu zilibe kanthu. Khulupirirani muyezo wa m'mamawa.

Chingwe cha kamutu musachidule kapena kuchilumikiza. Ngati ka Pi kali patali, talikitsani mawaya anayi a pakati pa kabolodi ka sensa ndi Pi pogwiritsa ntchito chingwe cha LAN. Changa ndi cha mamita asanu ndi atatu ndipo sichivuta.

7. Magetsi

Tafika pamene pagona nkhani. Amene tinali kuno mu 2022, namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi 130MW, tikudziwa kuti magetsi amatha kupita maola ambiri. Koma chimene chimapha ka Pi si kutalika kwa mdima ayi. Ndi kuthima kwadzidzidzi, ndi kuja amabwera, kuphethira kawiri, n'kupitanso.

Ka Pi nthawi zonse kamakhala kakulemba tinthu pa memori, ngakhale inu musakukagwira. Memori siilemba kachilembo kamodzikamodzi, imafufuta ndi kulembanso chigawo chathunthu. Magetsi akapita ili pakati pa ntchito imeneyi, chigawo chonsecho chimaonongeka, ndipo ngati munali fayilo yofunika podzuka, basi kwatha. Kachipangizo kamakhala kali bwinobwino, yafa ndi memori. Ambiri mwa amene amati ka Pi kawo kapsa amangofunika kulembanso memori.

Mdani wachiwiri ndi chaja yofooka. Pi 3 imafuna 2.5A, Pi 4 imafuna 3A, ndipo mphamvu ikatsika pansi pa 4.63V imayamba kudandaula ndi kuchepetsa liwiro. Chaja ya foni ya pamsika ikhoza kulembedwa 3A koma osafikako. Nthawi zinanso chaja ndi yabwino, wolakwa ndi chingwe: tingwe topyapyala tija timadya theka la volt panjira. Foni siidandaula, imangochedwa kudzaza. Pi imazima n'kudzukanso, ndipo kuzima kulikonse ndi mpata wina woti memori ife. Pa Pi 3 kapena 4 lembani vcgencmd get_throttled. Ikayankha 0x0 zili bwino. Ikayankha 0x50000 ndiye kuti chidzukireni mphamvu inatsikapo. Zero ilibe kachipangizo kozindikira zimenezi, ndiye pa iyo dalirani multimeter.

Ambiri amathamangira power bank. Yesani kaye. Ma power bank ambiri amadula mphamvu kwa kamphindi pamene magetsi a pakhoma apita kapena abwera, ndipo ena amazima okha akaona kuti chimene chalumikizidwa chikudya pang'ono kwambiri, monga Zero. Lumikizani, zulani chaja ya power bank kukhoma, mubwezeretse. Ka Pi kakadzukanso, power bank imeneyo ndi ya foni basi.

Njira imene yandikhalitsa ndi iyi: ka Pi kasamadye magetsi a pakhoma mpang'ono pomwe. Kazidya batire nthawi zonse, ndipo magetsi a pakhoma kapena sola azingodzaza batirelo. Zikatero, kuthima ndi kuyaka kumathera pa batire.

Batire la 12V 7Ah, lija la m'ma UPS ndi m'ma alamu, limasunga 84Wh. Batire la mtundu umenewu silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, ndiye werengerani 42Wh. Pi 4 ikhala maola pafupifupi 12, Zero 2 W ipitirira tsiku ndi theka. Ngati pakhomo pali kale sola, tengani mphamvu pa controller ya solayo, pa malo ojambulidwa babu, chifukwa pamenepo imadula yokha batire likatsika kwambiri. Ngati mukudzaza ndi magetsi a pakhoma, chaja ikhale yoti imasiya yokha batire likadzaza. Fyuzi ikhale pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi batire. Batire laling'onoli likhoza kuyatsa waya moto mawaya akakhudzana.

Pakati pa batire ndi Pi pamakhala buck converter, kabolodi kotsitsa 12V kufika pa 5V. Kofala ndi LM2596, kali ndi kabokosi kabuluu kokhala ndi kasikuluwu pamwamba. Tamverani bwino apa. Kamabwera kuchokera kufakitale kasanatcheredwe, ndipo kakhoza kutulutsa pafupifupi 12V yonse. Mukalumikiza Pi musanayeze, utsi. Lumikizani batire lokha, ikani multimeter kotulukira, tembenuzani kasikuluwu mobwerera kumanzere. Mutembenuza kambirimbiri nambala isanayambe kusuntha, musataye mtima n'kuganiza kuti n'kakufa. Imani pa 5.1V. Donthezanipo utoto wa zikhadabo kuti kasasunthenso. Kenako dulani chingwe chachifupi chonenepa cha USB, wofiira ku OUT+ ndi wakuda ku OUT-, muyezenso kumapeto, ndiye mulowetse mu Pi podzera pa doko lake la magetsi. LM2596 imakwanira Zero ndi Pi 3 yopanda zolumikiza zambiri. Kupitirira 2A imatentha, ndiye ya Pi 4 funani yokulirapo.

Ka Pi kakuyenda, yezaninso pakati pa pini 2 ndi pini 6. Koma musaloze nsonga za multimeter pa mapini mwachindunji. Pini 1 ndi 3.3V, yayandikana ndi pini 2 ya 5V, ndipo dzanja likangoterera n'kuzikhudzitsa, ka Pi kafa nthawi yomweyo osadzukanso. Ine ndinataya Pi 3 mwanjira imeneyi, tochi ili kukamwa. Vekani timawaya pa mapiniwo, muyezere kumapeto kwa timawayato.

8. Tsekani memori kuti isalembedwenso

Batire nalo limatha, makamaka sabata ya chiperoni pamene phiri lafunda nkhungu ndipo sola sikuona dzuwa. Ndiye chitetezo chachiwiri n'chofunika.

Zonse zikamayenda mmene mukufunira, thimitsani bwino ndi sudo shutdown now, chotsani memori, muikope yonse pa laputopu ndi Win32 Disk Imager, mulembe kopeyo pa memori yachiwiri. Imatireni ndi tepi mkati mwa bokosi la Pi. Tsiku la tsoka mudzangosinthanitsa.

Kenako lembani sudo raspi-config, pitani pa Performance Options, musankhe Overlay File System, muvomere, muvomerenso ikafunsa zoteteza gawo la boot. Kuyambira pamenepo ka Pi kamangowerenga memori. Zonse zimene kakufuna kulemba zimapita mu RAM ndipo zimafufutika kakazima. Memori yosalembedwa siionongeka magetsi akapita.

Msampha wake ndi woti mudzaiwala. Pakatha miyezi itatu mudzasintha manambala a thanki kapena pasiwedi ya Wi-Fi, zidzagwira ntchito, kenako kakadzazima zonse zidzabwerera mwakale, inu n'kumaganiza zamatsenga. Pofuna kusintha kanthu, chotsani kaye overlay, dzutsaninso, sinthani, bwezeretsani. Lembani zimenezi pa chivundikiro cha bokosi ndi cholembera chosafufutika.

Amene mukufuna kusunga mbiri ya madzi tsiku ndi tsiku, isungeni pa flash ya padera, osati pa memori. Mufunikanso wotchi. Kupatula Pi 5, tonse tinato tilibe wotchi yakeyake, timafunsa nthawi pa intaneti podzuka. Bandulo ikatha, mbiri yanu idzakhala ndi masiku abodza. Kabolodi ka DS3231 kamathetsa zimenezi: kamalowa pa pini 1, 3, 5 ndi 9, ndipo mumaonjezera mzere wa dtoverlay=i2c-rtc,ds3231 mu fayilo ya /boot/firmware/config.txt mutatsegula I2C mu raspi-config. Wa tinyali tokha, wotchi siikukhudzani.

9. Bokosi, mphezi ndi pampu

Kontena ya pulasitiki yosungira chakudya imakwana. Mabowo onse aloze pansi, ndipo muwatseke ndi kansalu ka neti ya udzudzu, chifukwa nyerere ndi nalimata amakonda pofunda. Musaike padzuwa kapena pansi penipeni pa malata.

Mvula ya ku Zomba mukuidziwa. Waya wautali wochokera pa thanki yokwezeka umatha kutola mphamvu ya mphezi ngakhale yagwera patali. Ikani polumikizira posavuta kuzula pa chingwe cha LAN chija, kukayamba kugunda muzizula.

Funso lotsatira limakhala loti, nanga kangathe kuyatsa pampu yokha? Kangathe, koma pamenepo mwalowa mu 230V pafupi ndi madzi, ndipo ti relay tabuluu ta m'mapaketi a ophunzira timapsa ndi mphamvu imene pampu imakoka poyamba kuzungulira. Imeneyo ndi ntchito ya contactor, switchi yopirira magetsi amphamvu, ndi wamagetsi wa satifiketi.

10. Kazunzeni musanakakhulupirire

Musakwere pa thanki tsiku lomwelo. Siyani zonse pa tebulo, sensa italoza mu ndowa. Zulani chaja ya batire kukhoma n'kubwezeretsa kakhumi motsatizana: tinyali tisaphethire. Kenako chotsani fyuzi, ka Pi kazime mwadzidzidzi, bwezeretsani, dikirani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti tinyali tibwerere tokha popanda kukhudza laputopu. Chitaninso kakhumi. Thimitsani hotspot, muzimitsenso ka Pi n'kukayatsa, muone ngati kadzuka popanda intaneti. Pomaliza kasiyeni usiku wonse pa batire lokha, m'mawa muyeze batirelo mutalichotsa pa zonse kwa kanthawi. Likakhala pansi pa 12.1V ndiye kuti latsika kupitirira theka, funani lalikulupo kapena sinthani Pi 4 ija muike Zero. Likakhala pamwamba pake, tengani makwerero, wina akugwirireni pansi.